Fili wa Fauziya

Njinga yamoto ya amjomba a Usumani inalowa pabwalo ikuliza hutala, nkhuku ziwiri zikulendewera kumbuyo mitu ili pansi. Fauziya anali pathandala ndi mkulu wake Ramla, akutembenuza matemba padzuwa, ndipo asanapukute n'komwe m'manja, amjombawo anali atatsika kale, foni ili m'mwamba.

Ananyamuka ku Liwonde kusanatenthe, nadutsa pa Ntaja osaima, kuti nkhaniyi aifikitse okha ku Chiuta. Zotsatira za mayeso a Folomu 4 zinali zitatuluka. Anaitana mlongo wawo, a Lukiya, mayi a atsikana awiriwo, ndipo iwo anatuluka m'chisakasa chowambiramo milamba, maso ali psuu ndi utsi. Anthu oyandikana nawo nyumba, atamva hutala ija, anayamba kusendera kumpanda.

Amjomba anayamba ndi Fauziya. Anawerenga phunziro ndi phunziro mokweza ngati akuitanira malonda, ndipo atafika pa Bayoloje anaima kaye kuti aliyense atchere khutu.

"Fili," anatero. "Achemwali, mwabereka namwino pano. Alhamdulillah."

A Lukiya anaimba nthungululu. Kenaka amjomba anatsitsa mawu n'kuwerenga za Ramla mofulumira, ngati munthu woponda pamchenga wotentha. Chingerezi, Masamu, Chichewa, zonse zinali bwino, zina kuposa za Fauziya. Koma Bayoloje inali seveni. Aliyense pabwalopo ankadziwa tanthauzo lake: kukoleji ya unamwino, kumene atsikana onse awiri ankalota, amafuna sikisi kapena nambala yocheperapo. Seveni ndi chitseko chotseka.

Ramla anangoti, "Chabwino," n'kubwerera kuthandala.

Atsikanawa anasiyana chaka chimodzi kubadwa, koma sukulu anayambira limodzi, chifukwa a Lukiya sankafuna kuti Ramla aziyenda yekha mtunda wautali wa kupulayimale. Atamaliza Sitandade 8, onse anasankhidwira kusekondale yoyendera ya kwawo komweko, ya makalasi anayi ndi mtengo wa mango. Bambo awo anali atapita ku Joni kalekale n'kusiya kuimba foni, motero mwini mbumba anali amjomba, amene anali ndi shopu ya zitsulo ndi penti pafupi ndi depoti ya ku Liwonde. Iwo anati mphamvu zawo zikwanira mwana mmodzi yekha kusukulu yogonera ya atsikana ku Balaka. Anatenga Fauziya, ati wamkulu atsale azithandiza amayi ake pa nsomba. Ramla sanafunsidwe. Kuyambira pamenepo amjomba ankangodikira tsiku loti zioneke kuti sanasankhe molakwa, ndipo tsikulo linali litafika.

Bayoloje ya chaka chimenecho inali ndi nkhani yakeyake. Lole imene inanyamula mapepala a phunziroli kuchokera m'masukulu a ku Machinga ndi Balaka inagwira moto panjira, mapepala onse n'kupsa asanachongedwe. Akuluakulu a mayeso analengeza pawailesi kuti ana asade nkhawa, kompyuta iwerengera mwana aliyense zimene akanapeza. Amjomba zimenezi zinawakomera. Pamene nkhuku zinkasosoledwa, anauza anthu a pampanda kuti kompyuta ilibe m'bale, silandira chiphuphu, ndipo siidziwa kuti uyu ndi wa ku Chiuta, uyu wa ku Blantyre. Anawonjezera kuti Ramla asadandaule, shopu ikufuna mutu wa Masamu ngati wakewo. Akonzeke, Lolemba adzamutenga.

Fauziya anadya nkhuku ija ngati akutafuna chiguduli. Panali chinthu chimene iye ndi Ramla okha ankachidziwa pakhomopo. Tsiku la Bayoloje iye anadzuka ndi malungo. Analowa m'chipinda cha mayeso akunjenjemera, analemba tsamba loyamba zilembo zikuvina, kenaka anasanza pansi pa desiki, woyang'anira mayeso n'kumutulutsa. Sanabwereremo. Tsiku lomwelo anabwereka foni ya amatroni n'kuimbira Ramla akulira, ndipo Ramla, amene anali atatuluka m'mayeso omwewo akuseka, anamutonthoza kuti asauze munthu kaye, adikire zotsatira.

M'mawa mwake awiriwa anapita kudooko kukadikira mabwato. Madzi a Chiuta anali ataphwera kutali, ndipo anayenda pamatope ouma ong'ambikang'ambika, mabeseni ali pamutu. Atafika pabango pomwe panalibe anthu, Fauziya anatula beseni lake pansi.

"Achemwali, fili uja si wanga. Inu mukudziwa."

"Ndiye ndi wa yani? Walembedwa pa dzina lako."

Fauziya anati akufuna kuwauza amjomba zoona, mwina akamva aona kuti kompyutayo yasokoneza. Ramla anamuyang'ana ndi maso ouma, a munthu amene walira kale kwina kosaoneka. Anamukumbutsa kuti pakhomo pawo sipanatulukepo munthu wolandira malipiro pamwezi, kuti amayi awo chifuwa cha utsi chikuwatha, ndiponso kuti mwayi ukagwa pakhomo palibe chifukwa chofunsira kuti wagwera pamutu pa yani.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo," anatero Ramla. "Mmodzi wa ife apite. Ukatsegula pakamwapo ndikuswa ndi beseni ili."

Ananena ngati nthabwala, koma palibe amene anaseka.

Lolemba Ramla anakwera kumbuyo kwa njinga ya amjomba, kachikwama kali pamiyendo, ndipo sanacheuke. Fauziya anatsala ndi dzina latsopano. Kuchitsime ankamutchula kuti anesi. Kudooko msodzi wina wachikulire anamuonetsa phazi lotupa, nati ayeseretu pa iye asanapite kukoleji, anthu n'kuseka. Iye ankasekanso mongodzikakamiza. Pakhomo sankatha kukhala pansi. Ankatembenuza matemba amene wawatembenuza kale, kusesa pomwe pali poyera, kupita kumpanda n'kubwerera osadziwa chimene amakatenga. A Lukiya ankayesa ndi chimwemwe, ndipo ankamuseka kuti akapitiriza choncho akafika kuchipatala miyendo itatha.

Tsiku lina anangopezeka ali panjira ya kusekondale ya Ramla. Anapeza a Sitima, mphunzitsi wa Bayoloje, atakhala pansi pa mango, atazunguliridwa ndi makolo ndi ana awo, onse nkhope zakugwa. A Sitima anali a ku Nsamala, munthu wamtali wa mawu otsika, ndipo anabwera pasukulupo Ramla ali Folomu 2. Ndi iwo amene ankawauza ana kuti azibwera ndi milamba kuti aione mkati, popeza labu kunalibe. Fauziya anadikira mpaka anthu atachepa. Aphunzitsiwo anamuzindikira kuti ndi mng'ono wake wa Ramla, namusunthira benchi.

Anamufotokozera mmene zinayendera. Mapepala atapsa, sukulu iliyonse inauzidwa kuti indandalike ana ake, kuyambira wokhoza kwambiri mpaka wotsiriza. Kenaka kompyuta inayang'ana zimene sukuluyo yakhala ikupeza pa Bayoloje zaka zam'mbuyo, n'kutenga manambala omwewo kuwagawira ana a chaka chino motsata mzere uja. Sukulu ya Fauziya ku Balaka inali isanatsikepo kupitirira faifi, ndiye ngakhale mwana wapakati ankatola fili. Koma kuno, zaka zambiri zimene kompyuta inayang'anazo kunalibe mphunzitsi wa Bayoloje. Ankaphunzitsa aliyense amene wapezeka, mpaka wa Jogalafe, ndipo wokhoza kwambiri sanaposepo seveni.

"Ramla ndinamuika pamwamba pa onse," anatero a Sitima. "Ndiye kompyuta yamupatsa chabwino koposa chimene sukulu ino inapezapo. Yamulemekeza. Kungoti seveni ameneyo mwini wake alipo, anachoka pano kalekale, panopa akupalasa bwato."

Fauziya anafunsa chifukwa chake sanangowafunsa aphunzitsi kuti anene okha zimene mwana aliyense akanapeza. A Sitima anaseka pang'ono, nati akanatero dziko lonse likanadzaza ndi mawani, pakuti palibe mayi amene amati mwana wanga ndi wonyansa. Anati anthu amene anakonza njirayi si mfiti iyayi. Ankafuna kuti zotsatira za chaka chino zisasiyane ndi za zaka zina, ndipo ukaziona uli kutali zakwaniradi, nambala iliyonse ili m'malo mwake. Vuto ndi loti mwana sakhala kutali, amakhala pakhomo pa amake.

"Anunkhiza dengu la dzana n'kutchula mtengo wa nsomba za lero," anatero.

Komabe panali kampata. Madandaulo atachuluka, akuluakulu analola kuti wosakhutira akalembenso Bayoloje mwezi wotsatira. Malo olembera anali amodzi okha, ku Balaka, ndipo wolembetsa aliyense ankayenera kufafanizitsa nambala imene wapatsidwa. Chimene apeze pa mayeso atsopanowo ndicho chake, chikome chiipe. Ana ambiri amene anali pansi pa mango paja sakanakwanitsa ulendo wa ku Balaka, osanena za pogona. A Sitima anati anawaimbira kale amjomba za Ramla, koma anayankhidwa kuti mwanayo wayamba ntchito, asamusokoneze mutu ndi zinthu zimene kompyuta yagamula kale.

Potsanzikana anamuyamikira Fauziya kuti iye wakhoza, namufunira zabwino zonse. Fauziya anayang'ana pansi, n'kuchoka. Panjira yonse ankadziuza kuti iye sanabe kanthu, sanatenthe lole, sanapemphe fili. Zonsezo zinali zoona, koma mtima sunakhale pansi.

Lachisanu la sabata yotsatira amjomba anamuitanitsa ku Liwonde kuti akajambulitse zithunzi zotumiza kukoleji. Anakwera kabaza mpaka pa Ntaja, n'kulowa minibasi yodzaza ndi madengu a nsomba, ndipo anatsika ku Liwonde dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu. Anapeza Ramla kuseri kwa kauntala akuyeza misomali pasikelo, zala zakuda bii ndi dzimbiri. Anali atazolowera kale ntchitoyo. Ankadziwa penti yotsuka ndi madzi ndi ya mafuta, ndipo makasitomala ankamukonda chifukwa sankalakwitsa chenji. Zimenezi zinamupweteka Fauziya kuposa mmene zikanamupwetekera akanamupeza akulira.

Amjomba anabwera kuchokera kumzikiti ali osangalala. Anamutenga Fauziya kukamuonetsa kwa telala wa pafupi ndi kwa mayi wogulitsa mbatata, kuti amudziwiretu namwino amene adzawabaye jakisoni. Atabwerera m'shopu anamugulira fanta. Fauziya analigwira botolo lozizira lija ndi manja awiri. Ramla anamuponyera diso, napukusa mutu pang'ono kwambiri.

"Amjomba," anatero Fauziya, "Bayoloje ija ine sindinalembe."

Amjomba anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za ana asukulu. Koma Fauziya anapitiriza osapuma, poopa kuti akaima sayambiranso. Ananena za malungo, za tsamba limodzi, za kusanza. Ananena zimene anamva kwa a Sitima, kuti kompyuta ija imadziwa bwino lomwe kuti uyu ndi wa ku Chiuta, ndipo ndicho chokha chimene imadziwa. Anati iye sakupempha zambiri, koma kuti Ramla aloledwe kukalemba ku Balaka, zioneke zimene ali nazo m'mutu.

Kasitomala wina analowa kufuna loko, amjomba anamuuza kuti abwerenso. Anavula chisoti, napukuta pamutu, nachivalanso. Kenaka anatembenukira kwa Ramla kumufunsa ngati zimenezi zili zoona. Ramla anati mwanayu dzuwa la m'minibasi lamuzunguza mutu. Amjomba anamufunsanso, namukumbutsa kuti lero ndi Lachisanu, tsiku la mapemphero, ndipo ulendo uno Ramla anangoyang'ana sikelo.

Kunja makondakitala ankaitanira za ku Balaka ndi Mangochi. Fauziya ankaona nkhope ya amjomba ikusintha. Anakumbukira kuti kumzikiti amjomba anali atapempha dua, pemphero lothokoza, ndi kuti theka la Liwonde linali litamva za fili ameneyu. Koma sizinali zokhazo. Amjomba ankayang'ana zala zakuda za Ramla, ngati akuziona koyamba.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero potsiriza, osaumaliza mwambiwo. Anakhala pa ndowa ya penti. "Thumba langa ndi lomwe lija, silinakule. Ndinati mmodzi, ndi mmodzibe. Koma ine sindilipirira nambala ya makina. Wanena wekha kuti fili si wako. Mukalembe nonse awiri. Amene apose mnzake, ameneyo ndiye apite."

Masiku onse amene Fauziya anasowa mtendere aja ankaganiza kuti mtengo wa kulankhula udzakhala manyazi, kukalipiridwa, mwina kusalankhulidwa sabata imodzi. Izi sanaziganizirepo.

"Amjomba, ine sindimatanthauza zimenezo."

"Walira mvula walira matope, mwana wanga."

Amjomba atatuluka kukafuna kasitomala wa loko uja, Ramla anamukokera Fauziya kuseri kwa shopu, pamene panali mapaipi ndi malata. Sanamukalipire mokweza. Anangomufunsa, mano atalumana, kuti nanga akadzadwalanso tsiku la mayeso, nanga iye Ramla akadzasokonezeka, akawauza chiyani amayi. Anati anali ndi namwino mmodzi m'manja, tsopano akhoza kutsala opanda ngakhale mmodzi, ndipo zonsezi chifukwa munthu wina analephera kupirira ndi mtima wake. Anatinso asaganize kuti wamuchitira chifundo. A Lukiya nawo atamva pafoni analira, nachonderera mlongo wawo kuti asataye chogwira m'manja, koma amjomba anali atanena, ndipo sanali munthu wobweza mawu kawiri pa sabata imodzi.

Kulembetsa kunkachitikira pasukulu yakale ya Fauziya ku Balaka, chifukwa ndi pomwe panali holo yaikulu. Anawoloka Shire m'minibasi atakhala mpando umodzi, aliyense akuyang'ana kwake. Atafika anapeza mzere wautali pakhonde, pafupi ndi maluwa amene Fauziya ankathirira ali Folomu 1. Onse anali ana a masekondale oyendera, a ku Nsamala, a ku Nayuchi, a ku Utale, mapazi ali mbuu, ena akudya chinangwa chimene anabwera nacho m'mapepala. Ankayang'ana labu kudzera pawindo ngati akuyang'ana m'shopu ya mtauni. Wa pasukulu pomwepo panalibe ndi mmodzi yemwe.

Patebulo panali Mayi Jimu, amene anamuphunzitsa Fauziya Bayoloje zaka zinayi zonse. Atamuona anavula magalasi, namufunsa kuti waperekeza ndani. Atamva kuti wabwera kudzalembetsa, anaimirira n'kumutengera pambali. Anamuuza kuti iwo akudziwa zimene zinachitika tsiku lija, pakuti ndi iwo amene anamutengera kuchipinda cha odwala. Anati Mulungu wamupukuta misozi, ndipo munthu sabweza mphatso yotere. Mwalamulo fili anali wake, palibe amene akanamulanda, ngakhale amjomba akewo. Akhoza kumusunga, fizi n'kudzafuna kwina.

"Ukasaina apa, fili wapita," anatero Mayi Jimu. "Ngakhale utadzalira bwanji, sabweranso. Wamva?"

Fauziya anati wamva. Anaima ndi cholembera m'manja. Anaganiza za kwina kumene Mayi Jimu ankanena, ndipo sanakuone. Anaganiza zobwerera ku Chiuta ndi fili wake m'chikwama, kumatchedwa anesi kuchitsime mpaka dzinalo litasanduka chipongwe. Anayang'ana chipata. Ramla anali atasaina kale, ataima pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera Lachisanu lija anamulankhula mofatsa, kuti ngati akufuna kubwerera abwerere, iye sadzamusungira kanthu. Mtsikana wa kumbuyo kwake pamzere anatsokomola, kusonyeza kuti nthawi ikupita.

Fauziya anasaina. Patapita nthawi anthu ena ankati analimba mtima, koma iye ankadziwa kuti anangosowa njira yobwerera.

Masabata otsatirawo onse awiri anakhala kwa amjomba ku Liwonde. Ankasinthana, wina kukauntala, wina kuseri kwa shopu ndi buku. A Sitima ankatumiza mafunso pafoni, ndipo ankawatumizira onse mofanana. Fauziya anawerenga monga sanawerengepo chibadwire, mpaka maso kuwawa, koma ankati akamva Ramla akudziyankha yekha mafunso kwinaku akuyeza misomali, ankadziwa mmene zithere. Masiku ena ankamuda mkulu wake, masiku ena ankadzida yekha, ndipo masiku ambiri ankangofuna kuti zithe. Tsiku la mayeso palibe amene anadwala. Fauziya analemba mpaka tsamba lomaliza.

Zotsatira zinatuluka mvula itayamba. Ramla anapeza thu. Fauziya anapeza sikisi, wake weniweni, wongokwanira kulowera pachitseko cha koleji ngati pali wolipira. Amjomba anawerenga kawiri, nauza Ramla kuti ayambe kulongedza. Kwa Fauziya anati malonda akayenda bwino, inshallah, adzaona chaka chamawa. Fauziya anali atakhala m'shopu nthawi yokwanira kudziwa mmene malonda ankayendera. A Sitima anaimba foni kuyamikira, nanena kuti m'kalasi lonse la Ramla ndi atatu okha amene anafika ku Balaka. Ena onse anatsala ndi maeyiti ndi manaini a anthu amene sanawaonepo.

Ramla ananyamuka ulendo wa kukoleji m'mawa wina kukuwaza. Fauziya anamunyamulira chikwama mpaka kudepoti, ndipo makondakitala atalimbirana katunduyo anamupezera mpando wa pawindo. Minibasi inali isanadzaze, ndiye anadikira, wina mkati, wina kunja, akukamba za zinthu zazing'ono: kuti mankhwala a chifuwa a amayi asaiwalike, kuti kasitomala wa ku njanji amakonda kunyengerera mtengo wa simenti, kuti sikelo imafuna kuigogoda kaye isanayeze. Kenaka nkhani zinatha. Dalaivala analiza injini.

Fauziya anagwira pawindo. Funso lina linali litamukhala mumtima kuyambira ku Balaka.

"Achemwali, mukanakhala inu, mukananena?"

Ramla anayang'ana kutsogolo, kumene ana asukulu ankawoloka msewu atafunda mapepala apulasitiki. Kondakitala anakoka chitseko. Kenaka Ramla anatembenuka n'kumuyang'ana mng'ono wake m'maso.

"Iyayi," anatero. "Sindikananena."

Minibasi inatuluka m'depoti ikuthovola madzi a m'maenje, n'kukhotera kumsewu waukulu. Fauziya anaima pomwepo mpaka mvula itamulowa m'mpango. Kenaka anakumbukira kuti makiyi ali ndi iye, ndipo amjomba sakonda kupeza shopu yotseka.